Mafunso ndi mayankho: zofunda za zigamba, kuluka ndi kupeta pagulu

Magulu ambiri osoka amayamba mofanana: amayi 10 kapena 15, makina amodzi opalasa, thumba la zidutswa za zitenje zotola kwa telala, ndi tsiku limodzi pa sabata lokumana kutchalitchi, kusukulu kapena pakhonde la amayi apampando. Chimene chimavuta pantchito ya manja ambiri nthawi zambiri si luso. Ndi muyeso. Aliyense akadula, kusoka kapena kuluka mwa iye yekha, zidutswazo zimakana kulumikizana tsiku lophatikiza. Mayankho ambiri m'munsimu akubwerera pa nkhani imeneyi. Miyeso yambiri ili m'masentimita (cm).

Gulu lathu langoyamba kumene. Tiyambe ndi chiyani?

Yambani ndi chinthu chotha pa misonkhano iwiri. Chovekera pilo cha 40 cm mbali zonse, chosokedwa ndi zigamba 16, chimaphunzitsa kudula, kulumikiza ndi kusita popanda kuwononga nsalu yambiri. Oluka ayambe ndi kachidutswa ka 20 cm mbali zonse, opeta ayambe ndi kampango. Chofunda cha pabedi chidikire kaye.

Zida zoyambira si zambiri: sizasi yodulira nsalu yokha, imene siloledwa kukhudza pepala, tepi yoyezera, rula, choko cha telala, mapini, singano ndi ayironi. Musanadule chilichonse, yalani matepi onse a mamembala pamodzi patebulo. Tepi yakale imatamuka, ndipo mudzapeza ina ikusiyana ndi inzake ndi theka la sentimita pa mita imodzi. Sankhani imodzi ikhale ya gulu. Mukatero dulani chikombole choyezera zigamba kuchokera ku pulasitiki ya chigubu chakale, ndipo ena onse akopere pa chimenecho. Chikombole cha katoni chimadyeka m'mbali pensulo ikamadutsa, moti chigamba cha 100 chimakhala chocheperapo poyerekeza ndi choyamba.

Nsalu yabwino ya zigamba ndi iti? Zitenje zonse n'zofanana?

Ayi. Pamsika pali zitenje za thonje ndi zina za poliyesita, ndipo pamaso zimatha kufanana. Dulani kachidutswa ngati chala, kagwireni ndi pini pamwamba pa mbale ya madzi, n'kukayatsa ndi machesi. Thonje limayaka ngati pepala, limanunkha ngati pepala, ndipo limasiya phulusa lotuwa lofewa. Poliyesita imathawa moto, imasungunuka, n'kusiya kambulu kakuda kolimba.

Thonje ndi limene tikufuna. Limamvera ayironi, msoko ukasitidwa umagona, ndiponso silitsetsereka pansi pa phazi la makina. Ngati muli ndi za poliyesita zambiri, zisokeni pazokha. Mukaziphatikiza ndi thonje, tsiku loyamba kuchapa thonje lidzachepa pomwe poliyesita idzakhala momwemo, ndipo chofunda chidzachita matumba. Kulemera kwa nsalu nako kufanane. Jinzi ikalumikizidwa ndi nsalu yopyapyala ya bulauzi, yopyapyalayo imang'ambika m'mbali mwa msoko.

Kodi tichape nsalu tisanadule?

Inde, yonse, ngakhale tizidutswa ta kwa telala. Nsalu ya thonje imachepa ndi 3 mpaka 5 cm pa mita imodzi ikachapidwa koyamba, ndipo chitenje chatsopano chimakhala ndi zolimbitsa zimene zimabisa kufewa kwake kwenikweni. Chapani mitundu yakuda ndi yofiira payokha. Poyesa ngati utoto ukutuluka, nyowetsani nsaluyo, ikani kansalu koyera pamwamba n'kudinda ndi ayironi yotentha. Koyerako kakatenga mtundu, chapaninso. Mukachapa katatu madzi n'kumafiirabe, nsalu imeneyo isalowe m'chofunda chokhala ndi zigamba zoyera.

Ambiri amanena kuti mchere kapena viniga zimagwira utoto. Pa utoto wa kufakitale musadalire zimenezo. Chimene chikutuluka ndi utoto wotsala umene sunalowe mu ulusi, ndipo mankhwala ake ndi madzi ambiri basi.

Chofunda chimodzi chimafuna zigamba zingati?

Tiwerengere pa msoko wa 1 cm, umene ndi wosavuta kuutsata pa makina opalasa ndi pamanja pomwe. Mabuku akunja amalemba 6 mm. Zonse n'zabwino malinga gulu lonse litsate muyeso umodzi. Chigamba chodulidwa 12 cm chimatsala 10 cm chikasokedwa mbali zonse.

Chofunda cha mwana cha 90 cm ndi 120 cm chimafuna zigamba 9 m'lifupi ndi 12 m'litali, zonse 108. Cha bedi la munthu mmodzi, 150 cm ndi 220 cm, chimafuna 330. Chitenje cha mamita 2 chokhala ndi 110 cm m'lifupi chimatulutsa zigamba zosapitirira 144, choncho zitenje zitatu zikwanira pamwamba pa chofunda chachikulucho n'kutsalako. Dulani zoonjezera 10 zosinthira zolakwika. Mphepete yolimba ya chitenje, ija imakhala ndi malemba, ichotseni. Imachepa mosiyana ndi nsalu yonse ndipo imakoka msoko.

Nsalu ya kumbuyo ipitirire ndi 10 cm mbali iliyonse. Pa chofunda cha 150 ndi 220 ndiye kuti 170 ndi 240, zimene zikufuna mamita 5 odulidwa pakati n'kulumikizidwa m'litali, kapena bedishiti imodzi yaikulu.

Makona a zigamba zathu sakukumana, ndipo m'mbali mukuchita mafunde. Talakwa pati?

Zifukwa zake n'zitatu, ndipo choyamba ndi chimene chimapweteka magulu. Mayi wina akasoka msoko wa 12 mm m'malo mwa 10 mm, pa msoko uliwonse pamatayika 4 mm chifukwa zigamba zonse ziwiri zadyedwa. Mzere wa zigamba 15 uli ndi misoko 14, ndiye kuti mzere wake udzafupika ndi masentimita oposa 5 poyerekeza ndi wa mnzake. Matani kachidutswa ka tepi yomatira pa makina, 1 cm kuchokera pa singano, kuti nsalu izitsata pamenepo. Osoka pamanja ajambule mzere wa msoko ndi pensulo kumbuyo kwa chigamba chilichonse.

Chachiwiri ndi kudula mopingasa. Kokani nsalu m'litali muone: sitamuka. M'lifupi imatamuka pang'ono. Kuchokera kona kupita kona imatamuka kwambiri. Chikombole chigone motsata ulusi wa nsalu, ngakhale duwa la chitenje likukopeni kuti muchipendeketse.

Chachitatu ndi kusita. Posita zovala timakhwekhwereza ayironi, koma pa zigamba timaidinda, kuinyamula, n'kudindanso. Kukhwekhwereza kumakoka nsalu. Misoko ya mzere woyamba igonekeni kumanja, ya mzere wachiwiri kumanzere, wachitatu kumanja. Polumikiza mizere, misokoyo imakhomana yokha ngati mano, ndipo mukhoza kuimva ndi chala kuti yagwirana musanabaye pini. Ogwiritsa ayironi ya makala ayale kansalu koyera pamwamba, chifukwa kakhala kamodzi kakagwa kamaboola ntchito ya sabata yonse.

Pakati pa chofunda tiikepo chiyani, ndipo nsalu zitatu (zigamba, chapakati ndi ya kumbuyo) timazigwirizanitsa bwanji?

M'masitolo ogulitsa nsalu muli fayiba yoyala imene amagulitsa pa mita. Ndi yopepuka ndipo imauma msanga. Bulangete lakale lochapidwa bwino limagwiranso ntchito, ndipo kumadera ozizira ngati Dedza, Ntcheu ndi Mzuzu limafunda kuposa fayiba yopyapyala, kungoti limalemera likanyowa. Kumadera otentha a kunyanja ndi ku Chigwa cha Shire bedishiti yakale pakati ndi yokwanira. Thonje losapota la m'munda kapena fayiba ya m'mapilo musaike. Zimaundana m'makona mukangochapa kamodzi.

Sesani pansi pa simenti, yalani nsalu ya kumbuyo chadodolido, maluwa ake ayang'ane pansi, n'kuimata m'makona kapena kuitsindika ndi njerwa zokutidwa nsalu. Ikhale yowongoka koma yosakokedwa. Yalani chapakati, kenako zigamba pamwamba, mukusalaza ndi manja kuchokera pakati kupita kunja. Bayani mapini otseka pa 10 cm iliyonse, kapena sokani misoko italiitali yongogwirizira ndi ulusi woyera, kuyambira pakati. Apa m'pamene gulu limakoma: anthu anayi, mmodzi mbali iliyonse, amamaliza pa ola limodzi.

Kusoka kodutsa nsalu zonse zitatu kuyambirenso pakati. Pa makina talikitsani sititchi ifike 3 mm kapena kuposerapo pang'ono, ndipo musakoke chofunda kumbuyo kwa singano. Wina akhale pambali azinyamula kulemera kwake. Ngati makina akukana chifukwa cha bulangete, mangani mfundo. Tengani wulu kapena ulusi wopetera wonse wosagawa, bayani pa kona ya zigamba, tulukirani 5 mm pambali pake, bwerezani kachiwiri, n'kumanga mfundo iwiri, yoyamba dzanja lamanja pamwamba, yachiwiri lamanzere pamwamba. Siyani michira ya 2 cm. Mfundo zikatalikirana kuposa 10 kapena 12 cm, chapakati chimayamba kuyenda.

Nanga m'mphepete timamaliza bwanji?

Dulani zopitirira kuti nsalu zitatuzo zifanane. Yezani kuzungulira chofunda n'kuonjezera 25 cm: pa 150 ndi 220 mupeza 765 cm. Dulani timizere ta 7 cm m'lifupi mwa nsalu. Timizere 7 ta 110 cm tingaoneke tokwanira, koma polumikiza mopingasa mumataya 7 cm pa malo aliwonse olumikizira, choncho dulani 8. Pindani mzere wonsewo pakati m'litali, sitani, sokani kutsogolo kwa chofunda ndi msoko wa 1 cm, kenako pindirani kumbuyo n'kumaliza pamanja ndi timisoko tobisika. Mpendero wa nsalu ziwiri woterewu umakhalitsa, poti m'mphepete ndi mmene chofunda chimayambira kutha.

Makina athu akupanga chisa cha ulusi kunsi kwa nsalu. Tithamangire kwa mmisiri?

Musathamange. Ulusi ukapiringizika kunsi, vuto kawirikawiri limakhala la ulusi wa pamwamba. Kwezani phazi, chotsani ulusi wonse, muulowetsenso kuyambira pachiyambi phazi lili m'mwamba. Likakhala pansi, timbale tofinya ulusi timatsekeka ndipo ulusi umangodutsa pambali. Kasikuluwu ka pa chikho cha bobini, ija yokulungapo ulusi wa pansi, musakakhudze msanga.

Makina akamadumpha masititchi, sinthani singano. Yapindika, yabuntha kapena yalowa chotembenuka. Singano ili ndi ngalande yaitali mbali imodzi, ndipo ngalandeyo iyang'ane kumene ulusi ukulowera. Pa zitenje gwiritsani nambala 80 kapena 90, pa jinzi ndi bulangete nambala 100. Makina akale achitsulo a Singer ndi Butterfly amafuna kuchotsedwa fumbi la nsalu pansi pa mano ndi dontho limodzi la mafuta a makina pa malo aliwonse oyenda. Mafuta ophikira amauma n'kukhala ulimbo. Mukathira mafuta, sokani kaye pa kansanza.

Kwa oluka: wulu uti umayenda ndi singano ziti?

Werengani kapepala kokulunga mpira wa wulu. Wulu wofala kwambiri ndi wolembedwa DK kapena double knitting, umene umalukidwa ndi singano za 4 mm ndipo umapereka masititchi pafupifupi 22 pa 10 cm. Wopyapyala wa 4 ply umafuna singano za 3.25 mm, masititchi 28 pa 10 cm. Wonenepa wa chunky umafuna za 6 mm. Pa kapepalapo palinso nambala ya mtundu ndi nambala ya ulendo umene ananyika utoto. Mipira iwiri ya mtundu umodzi koma ya maulendo osiyana imaonetsa mzere pakati pa juzi mukaiika padzuwa. Gulani wokwanira ntchito yonse tsiku limodzi.

Manambalawa ndi poyambira chabe, chifukwa manja amasiyana. Lukani kachidutswa ka masititchi 30, kayaleni osakakoka, muwerenge masititchi a pa 10 cm. Akaposa 22, mumaluka mothina, tengani singano zokulirapo. Akachepera, tengani zocheperapo. Musayese kusintha dzanja lanu. Lidzabwerera mwakale mukangoyamba kucheza.

Kodi tingamasule majuzi a pakaunjika kuti tipeze wulu?

Inde, ndipo ndi njira yabwino wulu ukadula. Koma tembenuzani juziyo musanalipire. Ngati misoko ya m'mbali ndi yodulidwa n'kuzengedwa ndi makina ngati ya tisheti, isiyeni: mzere uliwonse udzakupatsani kaulusi kakafupi kosathandiza. Yofunika ndi imene mbali zake zinalukidwa pazokha n'kulumikizidwa ndi kamsoko kooneka ngati tcheni. Isiyeninso imene ubweya wake wagwirana moti masititchi sakuoneka.

Masulani misoko, yambirani kukhosi kapena paphewa kutsika pansi. Wuluwo umatuluka wopotanapotana. Uzengeni kumsana kwa mpando, mangani malo anayi, vikani m'madzi ofunda pang'ono kwa mphindi 30, finyani m'thawulo osapotokola, n'kuyanika pamthunzi. Ukauma kulungani mpira mosathinitsa. Mpira wothina umapha kutamuka kwa wulu.

Tagawana kuluka zidutswa za bulangete koma zabwera zosiyana kukula. Tipewe bwanji?

Musauze anthu chiwerengero cha masititchi. Auzeni masentimita, ndipo aphunzitseni kuluka kuchokera pa kona. Yambani ndi masititchi 3. Pa mzere uliwonse lukani sititchi yoyamba, onjezerani imodzi, n'kumaliza mzerewo ndi sititchi wamba ya knit mbali zonse. Kachidutswako kamakula ngati katatu. Mbali yake ikafika 20 cm pa chikombole cha gulu, yambani kuchepetsa: pa mzere uliwonse lukani yoyamba, kenako ziwiri pamodzi, mpaka atsale 3, n'kutseka. Woluka mothina ndi woluka momasuka onse adzabweretsa 20 cm, ngakhale wina agwiritse wulu wonenepa.

Zidutswa 35, zisanu m'lifupi ndi 7 m'litali, zimapanga bulangete la 100 cm ndi 140 cm, lokwana mwana. Muyeso wa 20 cm ndiwonso umene bungwe la Knit-a-square ku South Africa limapempha kwa olitumizira zidutswa. Aliyense asiye mchira wa 50 cm wolumikizira. Polumikiza, ziyaleni zonse pansi kaye kuti mitundu igawike bwino, ndipo musakoke ulusi mpaka msoko kuuma. Uzitamuka limodzi ndi zidutswazo.

Tikufuna kulukira zipewa ana obadwa masiku osakwana. Muyeso wake ndi wotani?

Ntchito imeneyi ndi yofunika zedi kwathu kuno. Lipoti la 2012 la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse, ndi ana 18 pa 100 aliwonse obadwa masiku osakwana. Njira ya kangaru, yoika khanda pachifuwa cha mayi khungu kukhudza khungu, inayamba pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999 ndipo inafalikira m'zipatala zambiri. Mwana wa pa kangaru amavala thewera, chipewa ndi timasokosi basi, chifukwa mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi ndipo umataya kutentha msanga.

Ndi wulu wa DK ndi singano za 4 mm, yambani ndi masititchi 56 kwa mwana wa pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, 64 kwa wa makilogalamu awiri, ndi 72 kwa wobadwa masiku okwana. Poyambapo pakhale pomasuka kuti pasadinde mzere pachipumi. Lukani 3 cm ya knit imodzi purl imodzi (purl ndi knit yotembenuza, yolukidwa wulu uli kutsogolo), kenako mzere wa knit mzere wa purl mpaka utali wonse ufike 8 cm, 9 cm kapena 11 cm malinga ndi kukula. Pochepetsa, lukani 6 kenako ziwiri pamodzi mpaka mzere uthe, bwererani ndi purl. Mzere wotsatira lukani 5 ndi ziwiri pamodzi, kenako 4, 3, 2, 1, ndipo pomaliza ziwiriziwiri. Adzatsala 7, 8 kapena 9. Dulani wulu, ulowetseni m'masititchi otsalawo, kokani, n'kusoka kumbuyo ndi msoko wosalala. Mpira wa magalamu 100 umatulutsa zipewa zinayi kapena zisanu.

Musaike mabatani, mikanda, maliboni, zingwe kapena kampira ka pamwamba. Musaluke za mabowo, chifukwa tizala timakodwamo. Wulu wa ubweya wautali wothothoka nawonso ayi. Chapani ndi sopo wosanunkhira, yanikani, ikani m'pepala la pulasitiki loyera. Ndipo musanayambe, kaonaneni ndi a sisitala oyang'anira wodi. Iwo ndi amene akudziwa ngati akusowa zipewa, masokosi kapena nsalu zoberekera.

Masititchi akuchuluka okha, ndipo pakuoneka mabowo. Chikuchitika n'chiyani?

Ophunzira ambiri amayamba ndi 30 n'kupezeka ali ndi 37. Kawirikawiri zimachitikira koyambirira kwa mzere: wulu ukakokedwa kudutsa pamwamba pa singano, sititchi yoyamba imaoneka ngati ziwiri, ndipo munthu amaziluka zonse. Wulu uzilendewera pansi musanayambe mzere. Bowo lokhala ndi sititchi yoonjezera pamwamba pake limabwera wulu ukazungulira singano mwangozi, makamaka posintha kuchoka pa knit kupita pa purl. Bowo lina limabwera munthu akasiya ntchito pakati pa mzere, pobwera n'kuyamba kulowera kumene anachokera. Wulu wochokera kumpira uzikhala pa singano ya kudzanja lamanja.

Sititchi ikagwa n'kutsika ngati makwerero, musamasule zonse. Igwireni ndi singano yokowera, muzikoka ulusi wa khwerero lililonse kudutsa m'kati mwake, kuyambira pansi. Nsalu yolukidwa mzere wa knit mzere wa purl imapindika m'mbali mwachibadwa, ndipo ayironi siingaichiritse. Lukani masititchi 4 a m'mbali ndi knit yokhayokha. Potseka gwiritsani singano yokulirapo, apo ayi khosi la juzi lidzakana mutu wa mwana.

Zoluka timachapa bwanji?

Wulu wambiri wa m'masitolo ndi wa akiliki, wopangidwa kufakitale osati wa ubweya wa nkhosa. Umapirira kuchapa koma umaopa moto: ayironi ikaukhudza umafota, umanyezimira, ndipo subwereranso. Wa ubweya wa nkhosa, umene ukawotchedwa umanunkha ngati tsitsi, umaopa madzi otentha ndi kufikisa. Zonse ziwiri chapani m'madzi ozizira, osamenya pamwala, ndipo yanikani chogoneka pa thawulo kapena pamphasa. Juzi yonyowa ikapachikidwa pachingwe imatalika manja.

Kwa opeta: ulusi ungati, singano iti?

Ulusi wopetera, monga wa DMC kapena Anchor, umabwera m'mitolo ya mamita 8 ndipo uli ndi timaulusi 6 topotedwa pamodzi. Dulani utali wochokera kunsonga ya chala kufika pachigongono, pafupifupi 45 cm. Wautali kuposa apo umapiringizika ndipo umatha kuwala chifukwa chodutsadutsa m'nsalu. Solani kaulusi kamodzikamodzi chokwera m'mwamba, kenako muphatikize timene mukufuna: tiwiri pa malemba ang'ono ndi tsatanetsatane, titatu pa maluwa a nsalu ya patebulo, tonse 6 pa mizere yonenepa ya mbendera. Singano yopetera ya nambala 7 imakwana tiwiri kapena titatu. Ulusi wotchipa wopanda dzina, makamaka wofiira, uyeseni pa kansalu koyera konyowa musanaupete pa nsalu ya paguwa.

Misoko isanu ikukwanirani zaka: wobwerera m'mbuyo wa malemba, wa tsinde wa mizere yokhota, wa tcheni, wodzaza wa masamba ndi maluwa, ndi timfundo ta pakati pa duwa. Wodzaza usatalike kuposa 1 cm, chifukwa umakodwa ndi mafoloko ndi zikhadabo. Tsamba lalikulu ligaweni pawiri motsata mtsempha wake. Pa kamfundo zungulizani ulusi kawiri, ndipo bayani pambali pang'ono pa bowo limene munatulukira, apo ayi kamfundoko kamathawira kumbuyo. Ofuna kuphunzira msoko wa mtanda atenge nsalu ya timabokosi ngati ya mayunifolomu a sukulu. Timabokosito ndi muyeso wokonzeratu. Ulusi wa pamwamba pa mtanda uliwonse uzipendekera mbali imodzi.

Kumbuyo musamange mfundo. Siyani mchira wa 3 cm muukwirire ndi masititchi oyamba, ndipo pomaliza lowetsani singano pansi pa masititchi anayi. Musadumphitse ulusi wakuda kuchoka pa chilembo kupita pa chinzake, umaonekera kutsogolo pa nsalu yoyera.

Chithunzi kapena malemba timakopera bwanji pa nsalu?

Jambulani papepala ndi cholembera chakuda, matani pagalasi la zenera masana, ikani nsalu pamwamba n'kutsata ndi pensulo yosongoka, mopepuka. Pa nsalu yakuda gwiritsani choko chosongola kapena kachidutswa kopyapyala ka sopo wouma. Bolopeni ndi pepala la kaboni la muofesi sizichoka, ndipo ayironi imazikhazikitsa kwamuyaya.

Pa mbendera za magulu a amayi monga a Mvano kapena a Chigwirizano, ndi pa nsalu za paguwa, vuto lofala ndi mawu othera m'mphepete, zilembo zomaliza zitapanikizana. Pindani nsalu pakati, werengani zilembo pamodzi ndi mipata, pezani chapakati, n'kuyala kuchokera pamenepo kupita uku ndi uku. Anthu awiri awerenge kalembedwe ndi nambala ya vesi singano isanalowe.

Nsalu ikukhwinyata kuzungulira duwa. Chifukwa chiyani?

Mwina nsalu inali yosakungika mu mkombero, chida chozungulira chogwira nsalu popeta, kapena mukukoka ulusi kwambiri. Mu mkombero wa 15 mpaka 18 cm nsalu izilira ngati ng'oma mukaigogoda, koma ulusi wake ukhale wowongoka. Mkombero ukamatsetsereka, kulungani wa m'katiwo ndi kansalu. Muziuchotsa mukaweruka kuti usasiye chizindikiro. Nsalu yopyapyala iikireni ina kumbuyo muzipeta zonse pamodzi. Posita, yalani thawulo, gonekani chopetacho chadodolido n'kusita kumbuyo, kuti maluwa atukuke m'malo mophwatalala.

Mtengo timauika bwanji?

Lembani m'buku zonse zimene zalowa, kuphatikizapo ulusi, makala a ayironi ndi thiransipoti yokagula. Werengerani pa mtengo wa lero wokagulanso zinthuzo, osati umene munagulira miyezi itatu yapitayo. Onjezerani maola: gwirizanani kuti tsiku la ntchito ndi ndalama zingati, osachepera ganyu wa tsiku m'dera lanu. Pamwamba pake ikani gawo limodzi mwa magawo 10 la thumba la singano, mafuta ndi kukonza makina. Thumba limeneli lisasakanizidwe ndi la banki m'khonde, ngakhale mamembala ali omwewo.

Kunena zoona, chofunda cha zigamba 330 sichingapikisane ndi bulangete la m'sitolo kapena duveti ya pakaunjika. Chisokeni pa oda, wogula atapereka theka. Zoyenda msanga ndi zing'onozing'ono: zikwama, zovekera mapilo, zoyala patebulo, zipewa ndi mashawelo a makanda. Malo ogona alendo a ku Mangochi, Cape Maclear ndi Nkhata Bay amakonda za zitenje, koma amafuna 10 kapena 20 zofanana ndendende, ndiye chikombole cha gulu chija chimagwiranso ntchito. Zoluka zikhale zokonzeka pofika Meyi. Mukayamba kuluka chiperoni chitafika, mudzamaliza anthu atavula majuzi.

Mnzathu wina ntchito yake siikufika pa muyeso. Timuuze bwanji osamukhumudwitsa?

Chikombole chizilankhula, osati munthu. Gwirizanani kuyambira tsiku loyamba kuti chidutswa chilichonse, ngakhale cha amayi apampando, chimayalidwa pa chikombole chisanalowe m'thumba. Woyeza azisinthidwa mwezi ndi mwezi. Zosakwana musataye pamaso pa mwini wake. Zimakhala zogwirira mapoto kapena zoikapo mapini. Kenako fufuzani chifukwa. Nthawi zambiri ndi maso: munthu akapitirira zaka 40 amayamba kuvutika kuona pafupi, ndipo magalasi owerengera amasintha msoko wake tsiku lomwelo. Mukhazikeni pafupi ndi khomo pamene pali kuwala, mumupatse wulu wowala m'malo mwa wakuda. Amene zala zimawawa akhoza kusankha mitundu, kusita, kukulunga wulu kapena kusunga buku.

Katundu wa gulu timasunga bwanji nthawi ya dzinja?

M'zidebe za pulasitiki zotseka, pamwamba pa benchi, kutali ndi khoma chifukwa cha chiswe ndi chinyezi. Chilichonse chiume kaye bwinobwino, chifukwa nsalu yonyowa pang'ono imachita madontho akuda osachoka. Musasiye singano kapena pini yobayidwa pa nsalu, imachita dzimbiri n'kudetsa. Wulu wa nkhosa umadyedwa ndi njenjete, choncho uzitulutsidwa kuwombedwa mphepo kamodzi pa mwezi. Zofunda zomalizidwa muzizipinda mosinthasintha kuti mzere wopindira usakhazikike, ndipo makina aziphimbidwa, lamba wake atamasulidwa pa gudumu.